Nsangwe zonse m'kagalasi kamodzi

Telesikopu yanga ndinaigula mu Juni 2023 m'shopu ina ya katundu wakale wochokera kunja, zija amatsitsa m'makontena: mipando, mapoto, njinga za ana, masutikesi. Inali m'katoni yong'ambika pakona. Pamwamba pa katoniyo panali chithunzi cha Saturn wamkulu ngati lichero, ndipo pambali pake analemba nambala yofiira: 675x. Mwini shopu sankadziwa kuti chinthucho amachimanga bwanji, nanenso sindinkadziwa, koma kuyambira ndili mwana ndinkafunitsitsa kuona mphete za Saturn ndi diso langa. Tinanenerera, ndinalipira, ndinaikweza pa kabaza mpaka kunyumba, kunja pang'ono kwa tauni ya Zomba.

Pachubu pake pali kachikwangwani kakang'ono kolembedwa D=114mm, F=900mm. Nambala yoyambayo ndi kukula kwa kalilole amene ali pansi pa chubu, amene amasonkhanitsa kuwala. Yachiwiriyo ndi mtunda umene kuwalako kumayenda kuchokera pa kalilole kufika pamene chithunzi chimapangika. Chithunzicho n'chaching'ono kwambiri, ndiye pamafunika kagalasi kena kochikulitsa, kamene umaikapo diso. Kagalasi kameneka ndiye eyepiece. M'katoni mwanga munali titatu, tolembedwa H20, H12.5 ndi SR4, ndi kachubu kena kapulasitiki kolembedwa Barlow 3x.

Mu Ogasiti Saturn anayamba kutuluka madzulo kum'mawa. Ndinatenga SR4, n'kukalumikiza ndi Barlow uja, poti ndinali nditawerenga m'kabuku kake kuti 675 imapezeka motero. Ndinasakasaka pafupifupi ola lathunthu ndikungoona mdima. Kenako kunadutsa chinthu chachikasu, chambuu, ngati nyali ya galimoto m'chifunga cha chiperoni, ndipo ndisanakhudze n'komwe kogudubuza kokonzera chithunzi chinali chitatuluka kale. Ndinalowa m'nyumba mtima uli pansi. Ndinkaganiza kuti kalilole ndi wakufa ndipo ndalama zanga zapita m'madzi.

Kalilole analibe vuto. Vuto linali pa kumvetsa kwanga, ndi pa timagalasi tija.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Ukafuna kudziwa kuti chinthu chikula kangati, umatenga F ya telesikopu n'kugawa ndi nambala ya pa eyepiece, imene nayonso ndi ya mamilimita. Kwa ine 900 kugawa ndi 20 ndi 45, kugawa ndi 12.5 ndi 72, kugawa ndi 4 ndi 225. Barlow amachulukitsa katatu, ndiye 225 ija imasanduka 675. Apa n'pamene ndinazindikira kuti nambala ya pa eyepiece ikachepa, kukulitsa kumachuluka. Ndinazindikiranso kuti olemba pakatoni aja sananame pa masamu, koma ananamiza diso. Kuwala kumene kalilole wa 114 mm amasonkhanitsa n'komweko basi. Ukakulitsa chithunzi mopyola, ukungomwaza kuwala komweko pamalo aakulu, monga supuni imodzi ya shuga m'ketulo yonse ya tiyi. Odziwa amati malire ake ndi pafupifupi kawiri kukula kwa kalilole m'mamilimita, kutanthauza kuti yanga siingapitirire 228, ndiponso zimenezo ndi pa usiku umene mpweya wam'mwamba wadekha kwenikweni. Masiku ambiri ngakhale 150 imakhala yochuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: telesikopu iliyonse imene imadzitama ndi nambala yokulitsira pakatoni ndiyofunika kuiyang'anitsitsa kawiri.

Zilembo zija nazonso zili ndi eni ake. H akuimira Christiaan Huygens, katswiri wa ku Netherlands amene anapanga eyepiece ya magalasi awiri m'zaka za m'ma 1660. Munthu ameneyu ndimamulemekeza. Ndiye anapeza Titan, mwezi waukulu wa Saturn, mu 1655, ndipo mu 1659 anafotokoza kuti zimene anthu ankaona ngati makutu a Saturn ndi mphete yomuzungulira. Koma eyepiece yake inapangidwira matelesikopu a nthawi imeneyo, aatali mamita ambirimbiri. R ndi Jesse Ramsden wa ku England, cha m'ma 1780. Mitundu iwiriyi n'njosavuta kupanga, n'chifukwa chake amaiika m'makatoni a matelesikopu otchipa mpaka lero. Ukayang'anamo umakhala ngati ukusuzumira m'bango: bwalo lake ndi laling'ono, m'mbali mwake zinthu sizioneka bwino, ndipo diso liyenera kugunda galasi kuti uone kanthu. Mtundu umene ambiri amayambira akafuna kusintha ndi wa Simon Plössl wa ku Vienna, wa m'chaka cha 1860: magalasi anayi omatidwa awiriawiri, bwalo looneka lotakasuka pafupifupi madigiri 50. Kumtunda kwenikweni kuli ma eyepiece ngati a Nagler, a kampani ya Tele Vue ya ku America, a madigiri 82, amene imodzi yokha mtengo wake umaposa telesikopu yanga yonse kangapo. Amenewo ndinangowaona pa intaneti n'kupitirira.

Ndinayamba kusunga ndalama pang'onopang'ono. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo zimene ndinkaganiza kuti zikwana ma eyepiece awiri zinangokwana imodzi. M'mashopu amene ndinayendamo ku Zomba ndi ku Blantyre sindinapeze wogulitsa zinthu zotere. Mwayi unali wakuti alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ankabwera pa Khirisimasi. Imodzi yokha, ndiye iti?

Mtima wanga unkafuna ya 6 mm, poti bala la Saturn linali lisanapole. Koma paliponse pamene ndinawerenga, anthu amene akhala akuyang'ana nyenyezi zaka zambiri ankabwereza zomwezo: yambira pansi, gula Plössl ya 32 mm. Zinkandivuta kuzimvetsa. Ya 32 mm imangokulitsa ka 28, kuchepera ngakhale H20 imene ndinali nayo kale. Ndingatayirenji ndalama zanga zonse kuti ndizione zinthu zazing'ono kuposa kale? Ndinakhala nalo funsoli sabata ziwiri. Chimene chinandigonjetsa ndi kukumbukira ola lija ndinkasakasaka mumdima. Vuto langa lalikulu silinali lakuti zinthu zinkaoneka zazing'ono. Linali lakuti sindinkazipeza.

Ndisanatumize ndalama ndinachita chinthu chimodzi chimene chinandipulumutsa. Ndinabwereka tepi ya telala n'kuyeza bowo lolowetsamo eyepiece. Timagalasi tanga takale tinali tochepa, ta mainchi 0.965, omwe ndi mamilimita 24.5, muyezo wa matelesikopu akale. Ma eyepiece a masiku ano ambiri ndi a mainchi 1.25, pafupifupi mamilimita 32, ndipo sangalowe m'bowo laling'onolo. Thukuta linandituluka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pakamwa pa bowolo pali mkombero wapulasitiki womangidwa ndi kasikuluwu. Nditaumasula, pansi pake panali bowo lalikulu la 1.25. Aliyense amene wagula telesikopu yakale ayeze kaye, chifukwa si zonse zili ndi mkombero wochotseka.

Alamu atafika m'shopu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp.

"Alamu, kanthu kakang'ono chonchi ndalama zonsezi? Bwanji ndikupezereni foni yabwino?"

"Ayi alamu, komweko. Mungoonetsetsa kuti palembedwa 32 mm ndi 1.25. Ndipo chonde musakaike m'chikwama cha pansi pa basi, mukasunge m'thumba la jekete."

Anakasungadi m'jekete, njira yonse kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Nditakatsegula, chinthu choyamba kuchimva chinali kulemera kwake. Takale tija tinali topepuka ngati zitsekerero za botolo. Aka kanali kachitsulo, kozizira m'manja, galasi lake lapamwamba lotakasuka ngati ndalama yachitsulo, ndipo ukalipendeketsa pa kuwala limaonetsa kubiriwira kosakanikirana ndi kufiirira. Umenewo ndi utoto wopyapyala umene amapaka kuti kuwala kusabwerere koma kulowe konse. M'mphepete muli mkombero wa labala wotchinga kuwala kwa m'mbali.

Kenako mvula. Masiku asanu kumwamba kunali kotseka. Bambo anga anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzadya nafe Khirisimasi, ndipo madzulo alionse ankandiona ndikutuluka kukhonde kukayang'ana mitambo. Iwo ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga." Usiku wina chaka chitangotembenuka, mvula inagwa masana n'kukata, kumwamba kunayera ngati kwatsukidwa, mwezi unali usanatuluke, ndipo magetsi anazima dera lonse. Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zapamzere za m'gulu la Orion, anali pamwamba, Nsangwe zili chakumpoto. Ndinaloza chubu ku Nsangwe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinapeza chimene ndinkafuna osatha ngakhale mphindi imodzi.

Mu H20 ndinkaona nyenyezi ziwiri kapena zitatu za gululo nthawi imodzi, osadziwa kuti ndili mbali iti. Mu 32 mm pafupifupi gulu lonse linalowa. Ngakhale m'diso bwalo lake limaoneka ngati madigiri 50, pa telesikopu yanga limaonetsa madigiri 1.7 a thambo, ndipo mwezi wathunthu ndi theka la digiri, ndiye mungalowe miyezi itatu yondandalikana n'kutsalako malo. Nyenyezi zinali zakuthwa ngati nsonga za singano, zoyera mopita ku buluu, zazikulu zili pakati pa zing'onozing'ono zambirimbiri.

Ndinaitana bambo. Iwo amavala magalasi, ndipo m'timagalasi takale sankaona kalikonse, chifukwa diso linkafunika kuyandikira mpaka kukhudza. Plössl ya 32 mm imakulola kuona bwalo lonse diso lili patali pafupifupi masentimita awiri, ndiye sanafunike kuvula magalasi awo. Ndinawaikira mpando, n'kuwagwira phewa kuwatsogolera. Anakhala chete nthawi yaitali.

"Iwe, izi ndi Nsangwe zomwe zija?"

"Zomwezo, bambo."

"Ife tinkawerenga zisanu ndi imodzi. Wamaso akuthwa ankati zisanu ndi ziwiri, ife n'kumamutsutsa." Anakhalanso chete. "Apa zili ngati mapira atayikira pamphasa."

Anandiuza kuti agogo awo aakazi ndiwo anawalozera Nsangwe koyamba, ali pabwalo akutong'ola chimanga. Sindinali nditamvapo nkhani imeneyi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti chidwi changa pa nyenyezi ndinachitenga m'mabuku. Usiku womwewo tinaona mtambo wowala wa pa lupanga la Orion, kenako Jupiter, kambale kakang'ono koyera ndi timiyezi take tili pamzere. Ndinawafotokozera kuti Galileo anationa koyamba mu Januwale 1610 ndi telesikopu yokulitsa pafupifupi ka 20 kokha, yochepera mphamvu kuposa imene iwo ankayang'aniramo. Anafunsa maina ake, ndipo anawabwereza mmodzimmodzi: Io, Europa, Ganymede, Callisto.

Mvula itatha, mu Epulo ndi Meyi, m'pamene ndinadziwa bwino chimene ndinagula. Kuno tili pa madigiri 15 kummwera kwa ikweta, ndipo thambo lakummwera lili ndi zinthu zimene anthu a ku London, ngakhale ali ndi zida zodula chotani, sangazione ali kwawo, chifukwa sizituluka n'komwe. Zambiri mwa izo n'zazikulu, zofuna bwalo lotakasuka osati kukulitsa. Omega Centauri ndi mpira wa nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni, kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 17,000 kuti kutifike, ndipo pathambo ndi wamkulu ngati mwezi wathunthu. Kwa ife amakwera m'mwamba ndithu. Mu 32 mm amaoneka ngati mulu wa ufa wowala, wothithikana pakati, womwazika m'mbali, uli pakati pa mdima umene umauonetsa bwino. Mtambo wowala wa m'gulu la nyenyezi la Carina ndi waukulu kuposa pamenepo, umadzaza bwalo lonse, ndipo pakati pake pamadutsa mizere yakuda ya fumbi. Pafupi ndi nyenyezi ina ya mtanda wakummwera, Crux, pali kagulu kotchedwa Jewel Box, dzina lochokera ku mafotokozedwe a John Herschel, amene anakhala ku Cape kuyambira 1834 mpaka 1838 akulemba nyenyezi zakummwera. M'kagulu kameneka muli nyenyezi imodzi yofiira pakati pa zoyera, ndipo mtundu wake umaoneka bwinobwino ngakhale pa telesikopu yaing'ono ngati yanga.

Masiku ena sindisaka chilichonse. Ndimangomasula zomangira n'kuyendetsa chubu pang'onopang'ono motsatira Mlalang'amba, kuchokera ku Carina mpaka ku gulu la nyenyezi la Scorpius, ndipo magulu a nyenyezi amalowa ndi kutuluka okha, ena sindiwadziwa maina. Zimenezi mu H20 sizikanatheka. Ndikapeza chinthu chaching'ono, ndimachiika pakati penipeni kenako n'kusintha eyepiece. Ya 32 mm ndiyo imayamba usiku uliwonse, ndipo nthawi zambiri ndiyo imatsiriza.

Yachiwiri ndinagula patapita miyezi isanu ndi iwiri. Apa Plössl sindinaifunenso, chifukwa ili ndi chilema chake: nambala ikamachepa, mtunda wa diso nawo umachepa. Pa Plössl ya 6 mm diso limatsala ndi mamilimita anayi okha, nsidze zimapukuta galasi n'kusiyapo mafuta. Pali mtundu wina wotchipa, umene umagulitsidwa ndi maina a makampani osiyanasiyana koma umadziwika ndi mzere wagolide kapena wofiira wozungulira thupi lake. Umapezeka wa 6, 9, 15 ndi 20 mm, bwalo lake madigiri 66 mpaka 68, ndipo diso limakhala patali momasuka. Ndinasankha ya 9 mm, imene imandipatsa 100. Ya 6 mm ikanandipatsa 150, koma ndinali nditaphunzira mpweya wa kwathu kuno. Kuyambira Seputembala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimadzaza m'mwamba, nthaka ndi malata zimatulutsa kutentha usiku wonse, ndipo chithunzi chimavina ngati mwala wa pansi pa madzi oyenda. Kukulitsa ka 100 ndingakugwiritse ntchito pafupifupi usiku uliwonse. Ka 150 n'kwa masiku owerengeka.

Bwalo lotakasuka lili ndi phindu lina limene sindinkaliganizira. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo telesikopu yanga ilibe mota yotsatira nyenyezi. Mu SR4 pulaneti linkadutsa bwalo lonse m'theka la mphindi. Mu 9 mm limatenga mphindi ziwiri ndi theka, nthawi yokwanira kuchotsa manja, kudikira kuti chubu chisiye kugwedezeka, n'kuyang'anitsitsa. Chilema chake n'chakuti diso likasuntha pang'ono pakati, mthunzi wakuda wonga nyemba umatchinga mbali ina, makamaka poyang'ana mwezi. Umazolowera kukhazika mutu. Ndinenenso kuti chubu changa n'chachitali poyerekeza ndi kalilole wake, 900 kugawa ndi 114 ndi pafupifupi 8, ndipo matelesikopu otere amalolera ma eyepiece otchipa. Pa chubu chachifupi, chimene ukagawa motero umapeza 5, nyenyezi za m'mphepete mwa bwalo zimatambasuka ngati timbalame.

Saturn ndinamuonadi mu Seputembala 2024. Anali wamng'ono ngati njere ya mpunga, koma wakuthwa, wachikasu chotuwa, ndipo Titan anali pambali ngati kadontho. Mphete zake zinali zitapyapyala kwambiri, ngati singano yobaya mpira, chifukwa zinkapita kokapenyana nafe cham'mbali mu Malichi 2025, monga zimachitira pakapita zaka 13 mpaka 16. Sanafanane ndi lichero la pakatoni lija. Ndinakhala naye mpaka mame ananyowetsa malaya anga. Ndi kagalasi komweko ndinagawa nyenyezi yotchedwa Alpha Centauri kukhala nyenyezi ziwiri zowala zoyandikana, ndipo ndinaona mizere iwiri yodera yodutsa pamimba pa Jupiter.

Pali zimene sindigula. Timasutikesi tonyezimira tokhala ndi ma eyepiece asanu ndi magalasi amitundumitundu timakopa, koma ambiri mwa iwo ndi a nambala zazing'ono ovuta kuyang'aniramo, ndipo umalipira zinthu zimene zidzangogona. Barlow wapulasitiki uja ndinamusiya. Wabwino wa 2x mwina ndidzagula mtsogolo, poti adzandipatsa 56 ndi 200 kuchokera pa ziwiri zomwezi. Ndipo pansi pa katoni yanga munali kagalasi kakuda kolembedwa SUN, komangira kunsi kwa eyepiece. Amene ali nako akaphwanye n'kukataya lero. Kamakhala pamene kutentha konse kwa dzuwa kwasonkhana, kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo, ndipo khungu lake silichira. Ana asasiyidwe okha ndi telesikopu masana.

Zina zimene zinakonza chithunzi changa sizinadye ndalama. Miyendo ya telesikopu inkagwedezeka, ndiye ndinamanga masikuluwu onse n'kupachika chigubu cha malita asanu cha madzi pakati pake. Ndinaphunzira kuwongola akalilole awiri a m'kati kuti aziyang'anizana bwino, chifukwa akapendekeka ngakhale eyepiece yodula siingathandize. Ndimatulutsa chubu panja theka la ola ndisanayambe kuti kalilole azizire mofanana ndi mpweya. Tochi ndinaikuta ndi pepala lapulasitiki lofiira, foni ndimaisiya m'nyumba, chifukwa diso limafuna mphindi makumi awiri kapena kuposa kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kamodzi kokha kumabwezera zonse pambuyo. Ndimakhala pampando, osaima chowerama.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyezi cha m'dzinja. Nkhungu imamera pa galasi ngati timizu toyera n'kudya utoto uja. H12.5 yanga inafa motero. Ziwiri zatsopanozi ndimazisunga m'botolo lagalasi lotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timapezeka m'makatoni a nsapato. Zikanyowa ndi mame ndimazisiya zosatseka patebulo mpaka m'mawa, osazipukuta ndi malaya kapena chitenje, poti fumbi limakanda galasi. H20 ndinaisunga. Ana a oyandikana nawo akabwera ndi manja a mango kudzaona mwezi, ndimayamba ndi imeneyo, ndipo akakhazikika ndimawaikira ya 32 mm ine nditaima pambali.

Sabata yatha bambo anaimba foni. Anati kumudzi akolola, kumwamba kwayera, ndipo usiku kulibe nyali ngakhale imodzi kuyambira kunyumba kwawo mpaka kumsewu. Anzawo awiri a kutchalitchi sakukhulupirira zoti Jupiter ali ndi miyezi. Ndinawauza kuti miyezi ino Jupiter saoneka madzulo, koma ndiwaonetsa mpira wa nyenyezi uja wakummwera.

"Bwera nacho basi," anatero. "Ndipo usaiwale kagalasi kaja kolowa ndi magalasi anga."

Telala uja wanditengera kale muyezo wa chubu kuti asoke thumba lokhala ndi thonje m'kati, loti ndizichigoneka pamiyendo m'minibasi. Tagwirizana Loweruka limene mwezi udzakhale utafa.